Makochi a timu ya Nebraska kuyambira 1962: momwe mzere wa olowa m'malo unadukira

Ntchito yanga ndi yolangiza makomiti a matimu pa nkhani yolemba ndi kuchotsa makochi. Ndikamaphunzitsa atsogoleri atsopano, pali nkhani imodzi imene sindiisiya, ya timu ya yunivesite ya Nebraska ku America. Ndailemba pano yonse kuti anzanga a ntchitoyi aione bwinobwino, chifukwa zimene zinachitika kumeneko zinachitikira poyera ndipo manambala ake alipo.

Mpira umene ndikunena si wamiyendo timaudziwawu. Ndi uja wa ku America wogwira ndi manja, wosongoka mbali zonse ziwiri, umene osewera ake amavala zipewa zolimba. M'dzikomo matimu a mayunivesite amadzaza mabwalo aakulu zedi. Pa chaka timu imasewera magemu 11 kapena 12, ndipo ikachita bwino imaitanidwa ku gemu yotsekera chaka imene amaitcha bowl. Poti magemu ndi ochepa chonchi, kugonja kamodzi kumapweteka kwambiri. Maudindo ofunika kuwagwira m'mutu ndi awiri: kochi wamkulu, ndi mkulu wa zamasewero pa yunivesite, amene amalemba kochiyo ntchito ndi kumuchotsa.

Timuyi, ya Cornhuskers, imasewerera pa Memorial Stadium mumzinda wa Lincoln, bwalo limene linatsegulidwa mu 1923. Chigawo cha Nebraska ndi cha alimi a chimanga ndi ng'ombe, anthu ake ndi pafupifupi 2 miliyoni, ndipo kulibe timu ina yaikulu yoti n'kugawana nayo ochemerera. Kuyambira pa 3 November 1962, matikiti a gemu iliyonse ya pakhomo akhala akutha. Kochi wa timu yotere amayang'anidwa ndi chigawo chonse.

Kuchokera mu 1962 mpaka 2003, zaka 42, timuyi inali ndi makochi atatu okha. Kuchokera mu 2004 mpaka kumapeto kwa 2022 inalemba asanu.

Bob Devaney, 1962 mpaka 1972

Devaney anachokera ku yunivesite ya Wyoming ndipo anapeza timu yozolowera kugonja. Bill Jennings amene analipo iye asanabwere anapambana magemu 15 okha m'zaka zisanu. Chaka chake choyamba Devaney anapambana magemu 9 n'kugonja awiri. Koma chimene ndimafuna ophunzira anga achione si chiyambi chabwinochi ayi. Ndi zaka za 1967 ndi 1968, pamene timu inapambana 6 n'kugonja 4 zaka ziwiri zotsatizana, ochemerera ena n'kuyamba kusonkhanitsa masiginecha oti achotsedwe. Sanachotsedwe, ndipo nayenso sanaume mutu. Mu 1969 anapereka udindo wokonza kaseweredwe ka kutsogolo kwa wachiwiri wake wachinyamata, Tom Osborne, ndipo analola Boyd Epley, mnyamata wa masewero olumpha ndi ndodo, kuti aziphunzitsa osewera kunyamula zitsulo. Nthawi imeneyo makochi ambiri ankakhulupirira kuti zitsulo zimachepetsa liwiro la wosewera. Nebraska inakhala patsogolo pa matimu ena pa nkhani ya mphamvu za thupi kwa zaka zambiri chifukwa cha chiganizo chimenechi.

Ukatswiri wa dziko lonse unabwera mu 1970 ndi 1971. Pa 25 November 1971 anagonjetsa Oklahoma kwawo ku Norman ndi mapointi 35 kwa 31, kenaka anakwapula Alabama 38 kwa 6 mu Orange Bowl. Devaney anasiya ukochi kumapeto kwa 1972 atapambana magemu 101, kugonja 20 ndi kufanana mphamvu kawiri.

Mfundo imene olemba mbiri ambiri amaidutsa mofulumira ndi iyi: kuyambira 1967 Devaney analinso mkulu wa zamasewero, ndipo atasiya ukochi anakhalabe pa udindowo zaka zina pafupifupi 20. Anasankha yekha womulowa m'malo, n'kukhala bwana wake.

Tom Osborne, 1973 mpaka 1997

Osborne ndi mwana wa m'chigawomo, wobadwira ku Hastings mu 1937. Analowa m'gulu la Devaney ngati wothandizira wamba akuchita maphunziro ake, mpaka anapeza digiri ya udokotala pa za kaganizidwe ka anthu pophunzira. Anali munthu wofatsa, wosalankhulalankhula, wosiyana kutali ndi Devaney amene ankakonda nthabwala ndi macheza.

Lero anthu amakumbukira zikho zake zitatu, koma anadikira zaka 21 asanapeze choyamba. Magemu asanu oyamba amene anakumana ndi Oklahoma ya kochi Barry Switzer anagonja onse. Atapambana mu 1978 ndi 17 kwa 14, matimu awiriwa anakumanitsidwanso mu Orange Bowl ndipo Oklahoma inabwezera. Kung'ung'udza kunakula moti chaka chomwecho Osborne anakaonana ndi akuluakulu a Colorado amene ankamufuna, ngakhale pomaliza anatsala. M'zaka zonsezo sanatsikepo pa magemu 9 opambana pa chaka, koma kwa ochemerera amene analawa zikho za Devaney zimenezo sizinkakwanira. Chimene chinamuteteza n'chakuti pa mpando wa bwana panali munthu amene anaiona ntchitoyo mkati mwake, amene iye mwini anapulumukapo mu 1968.

Pa 2 January 1984, mu Orange Bowl, Nebraska imene inali isanagonjepo chaka chimenecho inatsalira ndi pointi imodzi, 31 kwa 30, kwa Miami, kutatsala masekondi 48. Timu ikagoletsa touchdown, kutanthauza kulowa ndi mpira kumapeto kwa bwalo kwa adani, imasankha: kumenya mpira ndi mwendo kuti ipeze pointi imodzi, zimene sizivuta, kapena kuyesa kulowanso ndi mpira kuti ipeze ziwiri. Nthawi yowonjezera kunalibe masiku amenewo, ndipo kufanana mphamvu kukanatha kuwapatsa ukatswiri. Osborne anasankha ziwiri. Mpira umene anaponya Turner Gill, quarterback wa Nebraska (wosewera amene amatsogolera kuukira ndi kuponya mpira), unaphedwa ndi wotchinga wa Miami, chikho n'kupita. Ine ndimaona kuti ulemu umene anthu a m'chigawomo anamupatsa kuchokera usiku umenewo unamuthandiza kupirira zimene zinadza pambuyo pake, chifukwa kuchokera mu 1987 mpaka 1993 anagonja ma bowl asanu ndi awiri motsatizana, kawirikawiri kwa matimu a ku Florida amene osewera ake anali aliwiro kwambiri.

Yankho lake linali ngati la Devaney mu 1969. Anasunga anthu ake n'kusintha kachitidwe. Anayamba kufunafuna osewera othamanga m'zigawo zakutali, ndipo Tommie Frazier, quarterback wa ku Bradenton ku Florida, anabwera mu 1992. Charlie McBride, wachiwiri wake woyang'anira zotchinga, anasintha kaimidwe ka otchinga kumbuyo kuti kadalire liwiro. Chaka cha 1994 anatenga ukatswiri pogonjetsa Miami 24 kwa 17, mu 1995 anaswa Florida 62 kwa 24, ndipo mu 1997 anagawana ukatswiri ndi Michigan atagonjetsa Tennessee 42 kwa 17. M'zaka zake zisanu zomaliza anapambana magemu 60 n'kugonja atatu. Zonse pamodzi anapambana 255, kugonja 49, kufanana mphamvu katatu.

Sindingalembe za 1995 osatchula Lawrence Phillips. Wosewerayu anamenya mtsikana amene kale anali chibwenzi chake, anaimitsidwa, ndipo patapita magemu asanu ndi limodzi Osborne anamubwezera m'timu, ponena kuti mnyamatayo akufunika dongosolo la timu kuti asatayike. Ndimaona kuti analakwitsa. Mtsikanayo anaona womumenya akuomberedwa m'manja pa bwalo la yunivesite imene nayenso ankaphunzirapo. Kukhazikika kumene ndikukuyamikira m'lipoti lino kuli ndi mbali yake yoopsa: kochi akakula mpaka kusowa womutsutsa, chigamulo ngati chimenechi chimadutsa.

Kodi kukhazikikako kunkaoneka bwanji tsiku ndi tsiku? Achiwiri a Osborne ankakalambira pomwepo. George Darlington anakhala zaka 30, Milt Tenopir pafupifupi zomwezo, McBride zoposa 20. Kaseweredwe kanali kothamanga ndi mpira m'manja, quarterback n'kumasankha ali pa liwiro kuti ausunge kapena aupatsire mnzake, ndipo kameneka kankayenerana ndi mphepo ndi chisanu cha kumeneko. Masukulu ambiri a sekondale m'chigawomo ankaphunzitsa kaseweredwe komweko. Anyamata a m'matauni ang'onoang'ono ankabwera okha ku Lincoln, odzilipirira sukulu, kudzayesa mwayi, ndipo ankalandiridwa ochuluka. Ena ankakhala zaka ziwiri kapena zitatu m'chipinda cha zitsulo asanaponde bwalo, kenaka n'kudzakhala msana wa timu. Chigawo chopanda anthu ambiri chinkapikisana ndi Texas ndi Florida pogwiritsa ntchito njira imeneyi. Inali nazale, ndipo ubwino wa nazale suoneka pa tsiku la gemu.

Frank Solich ndi usiku wa November 2003

Solich anasewera pansi pa Devaney m'zaka za m'ma 1960, n'kukhala wachiwiri wa Osborne zaka 19. Osborne anam'sankha yekha monga mmene iye anasankhidwira. Kusiyana kwake kunali kumodzi: Osborne sanakhale bwana wake. Anachoka, ndipo mu 2001 analowa m'nyumba ya malamulo ku Washington.

Mu 1999 Solich anapambana magemu 12 n'kugonja kamodzi, natenga chikho cha ligi ya Big 12. Mpaka lero chimenecho ndicho chikho chomaliza cha ligi chimene Nebraska inatenga. Mu 2001 timu inayamba ndi kupambana magemu 11 motsatizana, quarterback wake Eric Crouch n'kupata mphoto ya Heisman, ya wosewera wopambana onse m'mayunivesite, koma pa 23 November Colorado inaichititsa manyazi ndi 62 kwa 36, ndipo pa gemu yolimbirana ukatswiri mu Rose Bowl inagonja kwa Miami 37 kwa 14. Chaka cha 2002 chinatha 7 kwa 7, kupambana 7 n'kugonja 7, choipitsitsa pa zaka 40.

Apa mpamene ndimauza ophunzira kuti atchere khutu. Solich anachita zimene amene anam'phunzitsa ankachita zikavuta. Anasintha achiwiri ake angapo, anasiya kudziitanira yekha kaseweredwe ka kutsogolo, ndipo anatenga Bo Pelini ku Green Bay Packers, timu ya mu NFL, ligi yaikulu ya osewera olipidwa, kuti akonze zotchinga kumbuyo. Mu 2003 timu inabwerera pa 9 kwa 3. Magemu atatu ogonjawo anali owawa, makamaka 38 kwa 9 pakhomo kwa Kansas State, ndipo amene ankati timu yatsika pa kupeza osewera aluso sankanama. Koma mankhwala anali atayamba kugwira.

Mkulu wa zamasewero anali watsopano, Steve Pederson, amene anabwera kumapeto kwa 2002 kuchokera ku Pittsburgh. Naye anali mwana wa m'chigawomo ndipo anagwirapo ntchito pansi pa Osborne, choncho sitinganene kuti anali mlendo wosadziwa mwambo. Solich atagonjetsa Colorado 31 kwa 22 pa gemu yomaliza, Pederson anamuonetsa msana wa njira tsiku lotsatira. Anauza atolankhani kuti sangalole timu kutsetserekera pa kukhala ya wamba, ndipo kuti sapereka ligi kwa Oklahoma ndi Texas. Solich anachoka atapambana magemu 58 n'kugonja 19.

Cholakwa chachikulu cha Pederson, mmene ndimachionera, chinaonekera m'masabata otsatira. Anachotsa kochi alibe wina m'manja. Kusaka kunatenga pafupifupi masiku 40, akuchita yekha mobisa, anthu amene ankawafuna akukana. Makochi anzake a Solich m'dziko lonse anaona kuti kumeneko munthu amachotsedwa atapambana magemu 9. Pelini, amene anagwirizira udindo n'kugonjetsa Michigan State 17 kwa 3 mu Alamo Bowl, osewera akumufuna, sanapatsidwe ntchito.

Solich anapita ku yunivesite ya Ohio mu 2005, anakhalako zaka 16, napambana magemu 115, ochuluka kuposa kochi wina aliyense mu ligi ya Mid-American. Craig Bohl, mmodzi mwa achiwiri amene anachotsedwa mu 2002, anatenga njira za Nebraska kupita nazo ku North Dakota State, kumene anatenga ukatswiri wa gawo lachiwiri katatu motsatizana kuyambira 2011. Ndimatchula ziwirizi chifukwa zimasonyeza kuti njirazo zinali zisanathe ntchito.

Anayi otsatira

Bill Callahan anali atangochotsedwa ku Oakland Raiders, timu imene anaifikitsa ku Super Bowl, gemu yolimbirana chikho cha NFL, chaka chimodzi m'mbuyomo. Anabweretsa kaseweredwe koponya mpira m'mwamba, anachotsa pafupifupi achiwiri onse akale, ndipo anachepetsa anyamata odzilipirira aja. Osewera amene anawapeza anasankhidwira kuthamanga ndi mpira, tsono anauzidwa kuchita zimene sanaphunzire. Mu 2004 timu inatha 5 kwa 6, koyamba kugonja magemu ambiri kuposa opambana chichokereni 1961, ndipo inalephera kupita ku bowl patatha zaka 35 ikupita chaka chilichonse. Mu 2006 zinaoneka ngati zikuwongokera, moti mu September 2007 Pederson anamuwonjezera kontirakiti. Mwezi wotsatira Oklahoma State inapambana 45 kwa 14 ku Lincoln, Pederson yemweyo n'kuchotsedwa. Osborne anaitanidwa kudzakhala mkulu wa zamasewero, Kansas inagoletsa mapointi 76, ndipo Callahan anachoka ndi 27 kwa 22. Munthuyu si kochi wosadziwa ntchito. Atabwerera ku NFL anadziwika kuti ndi mmodzi mwa akatswiri ophunzitsa osewera a pamzere wakutsogolo. Anaikidwa pamalo posamuyenera, ndi bwana amene anali pa changu.

Osborne anabweza Pelini mu December 2007. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri timu inkapambana magemu 9 kapena 10 n'kugonja anayi, chaka chilichonse. Mu 2009 inaphonya chikho cha ligi kwa Texas ndi 13 kwa 12, oyimbira atabwezera sekondi imodzi pa wotchi. Koma magemu aakulu ena ankatha mochititsa manyazi, monga 70 kwa 31 kwa Wisconsin mu 2012, ndi 59 kwa 24 kwa timu yomweyo mu 2014 pamene wosewera wake Melvin Gordon yekha anathamanga mayadi 408. Pelini anali waukali, ndipo mu 2013 mawu amene anajambulidwa mobisa akutukwana ochemerera anatuluka poyera. Osborne anali atapuma kumayambiriro kwa chaka chomwecho. Womulowa m'malo, Shawn Eichorst, anachotsa Pelini pa 30 November 2014, timu ili pa 9 kwa 3, manambala omwe aja a Solich.

Eichorst anasankha munthu wa khalidwe losiyaniratu, Mike Riley wa ku Oregon State, bambo waulemu ndi wodekha. Anapambana 19 n'kugonja 19. Eichorst anachotsedwa mu September 2017 timu itagonja pakhomo kwa Northern Illinois, ndipo Bill Moos amene analowa m'malo anachotsa Riley chaka chisanathe.

Scott Frost anabwera ngati mwana wobwerera kwawo. Anakulira ku Wood River, anali quarterback wa timu ya 1997, ndipo anali atangopambana magemu onse 13 ndi Central Florida. Anapatsidwa zaka zisanu ndi ziwiri pa madola 35 miliyoni. Sanakhalepo ndi chaka chimodzi chopambana magemu ambiri kuposa ogonja. Mu 2021 anagonja magemu 9, onse ndi mapointi osafika 10. Chaka cha 2022 chinayambira ku Dublin, kumene akutsogola 28 kwa 17 analamula kumenya mpira mwachidule kuti aulandenso, zinakanika, ndipo Northwestern inapambana 31 kwa 28. Georgia Southern itapambana 45 kwa 42 ku Lincoln, mkulu watsopano Trev Alberts anamuchotsa pa 11 September. Chipukuta misozi chinali madola 15 miliyoni, ndipo akanadikira mpaka pa 1 October chikanatsika ndi theka. Frost anatha ndi 16 kwa 31. Mickey Joseph anagwirizira magemu otsalawo, n'kukhala munthu wakuda woyamba kutsogolera timu ya masewero alionse pa yunivesiteyi.

Zimene ndinapeza

Mukandandalika mayina a makochi pafupi ndi mayina a mabwana awo, chinthu chimodzi chimaonekera msanga. Pederson anachotsa Solich amene anam'peza. Osborne anachotsa Callahan wa Pederson. Eichorst anachotsa Pelini wa Osborne. Moos anachotsa Riley wa Eichorst. Alberts anachotsa Frost wa Moos. Kasanu konse, wochotsa sanali wolemba. Bwana aliyense watsopano ankafuna munthu wake, ndipo ankasankha wosiyana ndi amene wachokayo: wa ku NFL m'malo mwa wa pakhomo, waukali m'malo mwa wozizira, waulemu m'malo mwa waukali, mwana wa kwawo m'malo mwa mlendo. Kusankha kotere kumayankha madandaulo a chaka chatha. Sikufunsa kuti timu ya chigawo cha anthu 2 miliyoni ingapambane ndi kaseweredwe kotani. Ndipo kochi aliyense watsopano ankapeza osewera osankhidwira njira ya mnzake, n'kutaya zaka ziwiri akusintha, bwana amene anamulemba n'kuchoka ntchitoyo isanathe.

Ndisanamize kuti vuto lonse linali la mu ofesi. Zinthu kunja zinasintha. Khoti lalikulu la America litagamula mu 1984 kuti mayunivesite azigulitsa okha magemu awo ku makampani a wailesi yakanema, matimu ambiri anayamba kuonekera, ndipo mnyamata wa ku Florida sankafunikanso kupita kozizira kuti makolo ake amuone pa TV. Chiwerengero cha osewera olipiriridwa sukulu chinatsitsidwa kufika pa 85 pofika 1994. Ligi ya Big 12 itayamba mu 1996 inakhwimitsa malamulo olandirira osewera amene sanakhoze bwino mayeso olowera, njira imene Nebraska inkapezerapo ena mwa aluso ake. Zonyamula zitsulo aliyense anaziphunzira. Kusamukira ku Big Ten mu 2011 kunabweretsa ndalama zambiri, koma kunachotsa magemu a ku Texas kumene timu inkakopa osewera. Ngakhale Solich akanatsala, sindikhulupirira kuti 60 kwa 3 ikanabwereranso. Chimene ndikukhulupirira n'chakuti timu yopambana 9 kapena 10 chaka ndi chaka, yolimbirana chikho mwa apo ndi apo, inali m'manja mwawo kawiri, mu 2003 ndi mu 2014, ndipo kawiri konse anaitaya asanadziwe chimene adzaike m'malo mwake.

Komiti ikandiitana kuti ikufuna kuchotsa kochi, ndimafunsa kaye kuti wolowa m'malo ndani ndipo wavomera kale kapena ayi. Kenaka ndimafunsa ngati kochiyo wasintha kanthu atagonja, monga anachitira Devaney mu 1969, Osborne chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ndi Solich mu 2003, chifukwa kochi amene akudzikonza ndi wosiyana ndi amene akungobwereza zomwezo. Funso limene makomiti salikonda ndi lakuti iwo eni akhala pa mipando yawo mpaka liti. Ngati chisankho cha komiti chili chaka chamawa, kochi amene akumulemba lero adzakhala wa anthu ena.

Matt Rhule analembedwa ndi Alberts mu November 2022, pa kontirakiti ya zaka zisanu ndi zitatu ya madola 74 miliyoni, atadziwika ndi kudzutsa matimu a Temple ndi Baylor. Mu 2023 anatha 5 kwa 7. Mu March 2024 Alberts anapita ku Texas A&M, ndipo Rhule, ngati anzake asanu aja, anatsala ndi bwana amene sanamulembe, Troy Dannen. Chaka chimenecho timu inatha 7 kwa 6 n'kugonjetsa Boston College 20 kwa 15 mu Pinstripe Bowl, bowl yake yoyamba chichokereni 2016. Mu 2025 Dannen anawonjezera kontirakiti ya Rhule mpaka 2032. Pepala lokha silinditsimikizira kanthu, poti Callahan mu 2007 ndi Frost mu 2019 nawonso anawonjezeredwa. Ndidzayang'ana chimene Dannen adzachite chaka chimene Rhule adzapambane magemu 9, n'kugonja atatu mowawa, ochemerera n'kuyamba kung'ung'udza.